Za Mapazi a Amayi Ako

Wokondedwa mwana wanga Kamsomali,

Ndayamba ndi dzina limeneli dala. Ndikudziwa kuti kuntchito kwako amakutchula mwaulemu, ena mpaka kuimirira ukamalowa, koma kwa ine ukadali kamsomali kaja kankalowa pansi pa benchi yanga n'kumaba tizidutswa ta malata. Ukwiye pang'ono, kenaka uwerenge.

Muli bwanji kumeneko? Amayi ako akudzuka bwanji, nanga bala lija layamba kuuma? Mkamwini wanga ali bwanji, akadali kuyankhula mawu awiri pa tsiku ngati ena onse anawaiwala m'basi? Nanga zidzukulu zanga, zikukula nzeru kapena zikungotalikitsa miyendo? Ine kuno ndilipo. Bondo lakumanzere lokha ndi limene lalowa chipani chotsutsa, koma thupi lonse likadali m'boma.

Uthenga wako unandipeza. Wometa wa kutsidya kwa msewu uja anabwera ndi foni yake akuthamanga, thovu la sopo lili m'manja, munthu atamusiya mutu theka. Ndinamva zonse: nditumize sutikesi ya zovala zotsala za amayi ako ndi makina awo osokera, chifukwa mwagwirizana kuti azikhala konko, osabwereranso. Ndinayankha kuti chabwino, poti anthu anali atandizungulira ngati ndikugulitsa mankhwala a mphamvu.

Sindinatumize. Sutikesi ili pamwamba pa kabati, makina ali pakona pawo, ndawafunditsa nsalu. Ndisanazikweze basi, ndilole ndiyankhule mpaka kumapeto, chifukwa tsiku lija kuchipatala sunandilole kumaliza ngakhale chiganizo chimodzi. Sindikukuimba mlandu. Ndikanakhala iwe, bambo wotereyu ndikanamuvundikira ndowa kumutu.

Ukudziwa kuti chiyambire matenda a shuga aja, mapazi a amayi ako anachita dzanzi. Ukhoza kuwabaya ndi singano, iwo n'kumakufunsa ngati mvula yasiya. Kuzizira kokha ndiye amakumva, ati kumachokera m'kati mwa mafupa. Botolo la labala la madzi otentha limene unawagulira lija linatithandiza mpaka linayamba kudontha pakhosi. Ndinalimata, likukana. Ndinalimatanso, likulirabe. Ndiye ndinati, ine wokhoma zitini moyo wanga wonse, amene ndowa zanga zatunga madzi m'makomo onse a msewu uno, ndigonje kwa labala?

Ndinali ndi chidutswa cha mkuwa chimene ndinkasungira ntchito yapamwamba. Ndinachipinda bwinobwino, kuwotcherera m'mbali, pakamwa n'kuikapo chitsekerero cha thanki ya njinga yamoto. Mwana wanga, chinali chokongola. Chitini chimenecho chikanapita ku chionetsero chikanabwera ndi mendulo. Amayi ako anachitembenuzatembenuza n'kunena kuti chikufanana ndi mutu wanga, kunja kunyezimira, m'kati madzi okhaokha.

Tsiku limenelo kunali kamvula kowaza, masana. Ndinathiramo madzi ochokera pamoto, n'kuchigwira m'manja kuti ndimve. Ndinamva kufunda kokoma basi. Apa ndi pamene pagona nkhani. Manja angawa agwira chitsulo chowotcherera kuyambira ndisanamere ndevu. Khungu la zikhatho zanga lili ngati thayala la thirakitala. Ndimatola khala lamoto ndi zala n'kukayatsira mbaula ya aneba. Ndiye woyesa kutentha anali munthu wa manja osamva, kuyesera munthu wa mapazi osamva. Agonthi awiri kutumana kukamvera wailesi.

Ndinachikulunga m'kansalu kopyapyala, kuchiika kumapazi, n'kuwafunditsa. Tulo tinawatenga. Ine ndinati ndikangomuona wometa pang'ono, poti ndinali ndi nthabwala yatsopano ya mphuno yake imene inkandiyabwa pakamwa. Pobwerako ndinawapeza akadali m'tulo, nkhope ili phee ngati ya khanda. Kansalu kanali katasuntha. Chidendene chinali chitatsamira pa mkuwa. Zotsalazo unaziona wekha, sindizilemba.

Tsiku limene anatuluka m'chipatala n'kunyamuka nawe, iwe sunakhale pansi m'nyumba muno. Amayi ako ali m'galimoto anatsitsa galasi, ine n'kuthamangira poganiza kuti pali mawu aakulu. Akuti, "Bambo a mwana, malayawo mwaphonya batani." Galimoto n'kunyamuka. Ndinaima pamsewu ndikukonza batanilo mpaka galimoto itakhota pa sitolo.

Nyumba ino yakula. Sindinkadziwa kuti zipinda ziwiri zingatalikirane chonchi. Ndimaphika tiyi n'kutsitsa makapu awiri, kenaka n'kubweza imodzi mwakachetechete ngati wakuba. Kudya ndimadya choimirira, pafupi ndi poto, chifukwa patebulo mbale imodzi imaoneka ngati yolangidwa. Pa benchi yanga ntchito ndi yochepa, anthu anakwatiwa ndi ndowa za pulasitiki, ndiye tsiku limatalika ngati ulaliki wa mlendo.

Amayi a m'makomomu amabwerabe ndi nsalu zawo kudzafunsa kuti osoka abwera liti. Ndimawauza kuti anaitanidwa kukaphunzitsa madokotala kusoka mabala mowongoka. Amaseka, n'kubwerera ndi nsalu zawo. Akapita ndimavundukula makina aja, kuwathira mafuta, n'kupondaponda chopondera chake opanda ulusi, kuti m'nyumba mumveke phokoso lija.

Choipitsitsa ndi nthabwala. Nthabwala ili ngati katundu wa pamutu, imafuna wokutula. Amayi ako sanasekepo nthabwala yanga kuyambira tsiku la ukwati wathu, amangoti, "Mwatha?" Koma "mwatha" ameneyo ndiye anali chakudya changa. Tsopano ndimauza mpando wawo. Mpando sufunsa ngati ndatha, ndiye sindidziwa polekera.

Kwa wometa ndinasiya kupitako. Ndikangoona chitseko chake ndinkamva fungo la mankhwala a m'chipatala.

M'malo mwake ndinapita kwa anamwino aja ankatsuka balalo, aatali aja oyenda ngati akukagwira wakuba. Ine ndimawatchula Asajeni. Atandiona pa benchi ya odwala kuchipatala anafunsa ngati ndabwera kudzawotcha wina. Ndinati ayi, ndabwera kusukulu, poti yoyamba ndinalekera sitandade faifi aphunzitsi atayamba kundiopa. Sanaseke. Ndinawafunsa kuti, odwala mapazi otere poti kuno alipo ambiri, inu mumawafunditsa bwanji osawawotcha? Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenaka anati ndidikire amalize mzere. Ndinadikira mpaka benchi inandizolowera.

Atamaliza ananditengera m'kachipinda kawo komwera tiyi. Anaviika supuni m'kapu ya madzi owira, n'kundigwiritsa kunsonga kwake. Ndinati sindikumva kanthu. Anailanda n'kundigunditsa nsonga yomweyo patsaya. Ndinalumpha, mwana wanga, ndi bondo lotsutsa lomwe.

Akuti kumeneko ndiye kutentha koyenda m'chinthu cholimba, chinthucho chili pamalo pomwepo. Kachigawo kotentha kamapatsira kanzake koyandikana nako, kanzakeko n'kupatsira kena, mpaka kukafika kunsonga, monga amachitira omanga nyumba popatsirana njerwa pamzere: palibe wasuntha, koma njerwa yafika pamwamba. Dzina lake kusukulu akuti kondakishoni. Ndinafunsa ngati ndi m'bale wake wa kondakitala wa basi. Akuti nditseke pakamwa.

Ndipo akuti mwa zitsulo zonse zimene ndikanazipeza, mkuwa ndiye wothamangitsa njerwa kuposa anzake. Labala ndi waulesi, amapatsira pang'onopang'ono, n'chifukwa chake botolo lija amalipangira labala. Ine zaka zonsezi ndinkayesa amapangira labala chifukwa chosowa amisiri.

Kenaka anathira masamba a tiyi m'poto wa madzi uli pamoto, n'kundiuza kuti ndisuzumire. Masamba aja ankakwera pakati, kupita m'mbali, kutsika, n'kukweranso, osatopa. Akuti uku ndiye kutentha kwina. Madzi kapena mpweya ukatenthedwa umapepuka n'kukwera, wozizira n'kutsika kudzatenga malo ake, ndiye kutenthako sikuchita kupatsirana pamzere, kumachita kunyamulidwa, ngati njerwa za pa wilibala. Ameneyu ndiye konvekishoni. Akuti mpweya nawonso ukapsa kwambiri umawotcha, koma wofunda bwino umafika pakhungu utasakanikirana ndi unzake, sukakamira malo amodzi ngati chitsulo.

Lamulo lawo linali lakuti pa mapazi a amayi ako pasadzayandikirenso botolo, njerwa yowotcha, mbaula, kapena chilichonse chochokera pamoto. Masokosi, bulangete ndi chipinda chofunda, basi.

Ndinatuluka m'menemo mutu ukuwira. Zonsezi ndakhala ndikuziona pa benchi yanga. Chogwirira cha poto timaika cha mtengo, chumuni timalozetsa kumwamba. Manja ankadziwa, mutu unali kwa wometa. Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Koma mawu akuti chipinda chofunda anandikhala m'khutu. Ndinati imeneyo ndiye ntchito ya wokhoma zitini. Ukukumbukira kuti kuseri kwa chipinda chathu n'kotsika, paja unkagwerapo uli mwana. Pamenepo ndinaikapo mbaula, panja, poti Asajeni anandiopseza kuti mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha munthu ali m'tulo, osatsanzika. Pamwamba pa mbaula ndinakhazika kadiramu kotseka bwino. Chitini cha mkuwa chija ndinachiphwanya ndi hamala, ndikuchitukwana, n'kuchikhoma pansi pa kadiramuko, kumene kumayang'anizana ndi moto. Kumeneko liwiro lake likufunika. Ndinachiuza kuti chithamange mmene chingathere, phazi la munthu sichidzalionanso.

Ndinaboola khoma pawiri. Paipi yapansi imatenga mpweya wozizira wa m'chipinda kupita nawo m'kadiramu, yapamwamba imaubweza utafunda. Palibe injini, palibe magetsi. Mpweya umadziyendera wokha ngati munthu wodziwa kwawo.

Ulendo woyamba ndinaboola pamwamba kwambiri. Ndinakoleza moto n'kukagona pabedi kudikira. Mapazi anga ali ngati miyala ya mumtsinje, mphuno chimodzimodzi. Kuyang'ana kudenga, ndinaona mphaka wa aneba atadzitambasula pamtanda, maso atatsinzina, akuyamika Mulungu. Kutentha konse kunali kutakwera kwa iye. Thukuta langa lonse lija, kufunditsa mphaka wa eni.

Ndinatseka bowolo n'kuboola lina m'munsi, kufupi ndi kumiyendo kwa bedi. Paipi ndinaikulunga ziguduli, kumapeto kwake n'kulumikiza kabokosi ka matabwa, kuti pasapezeke chitsulo paliponse pamene phazi lingafike. Pabedi ndinakhoma timitengo topinda ngati nthiti, bulangete lizikhala pamwamba pake ngati kahema, mpweya uzizungulira m'katimo. Makala amafunika ochepa, odzaza dzanja.

Pofuna woyesera ndinabwerera kwa wometa. Atandiona anaika lumo pansi n'kunena kuti amayesa ndinasamuka, ndipo mphuno yake inali itayamba kunenepa ndi mtendere. Ndinamukokera kunyumba n'kumuvula nsapato, chinthu chimene ndikupepesa kwa Mulungu ndi kwa bulangete la amayi ako. Anagona, mapazi m'kahema. Posakhalitsa anayamba kuliza mkonono, anthu akumudikira kuntchito. Podzuka akuti, "Mdala, mukafa chimenechi mundisiyire."

Asajeni ndinawavutitsa mpaka anavomera kudzaona poweruka. Anazungulira kuseri, kununkhiza paipi ngati muli utsi, n'kulowetsa chigongono m'kahema, osati dzanja. Anandilumbiritsa kuti kuyambira tsiku limenelo chilichonse ndiziyesa ndi chigongono, ati manja angawa ndi mboni zonama. Kenaka anati sichoipa. Kwa munthu ngati uja, "sichoipa" ndi nthungululu. Ndinatukumula chifuwa.

Ali pakhomo, chikwama chili paphewa, anatembenuka n'kufunsa kuti, kodi botolo la labala lisanabwere, mapaziwo ankafunda ndi chiyani?

Ulendo uno zoseketsa ndinaziika pambali, n'kuwayankha zoona.

Kamsomali, izi sukuzidziwa chifukwa unali utachoka kale pakhomo. Matendawa atangoyamba, masana aliwonse amayi ako akamakagona ankati, "Bambo a mwana, tabwerani." Ndinkakhala kumiyendo kwa bedi, kukweza malaya, iwo n'kuika mapazi awo pamimba panga. Ozizira ngati achule awiri. Ndinkakuwa, iwo n'kumati ndichepetse phokoso, mimbayo aiphikira zaka zonsezi, yakwana nthawi yoti aidyerere. Tinkakhala choncho mpaka agone.

Koma ukundidziwa, matako anga sagwirizana ndi mpando. Ndikamva anthu akuseka kutsidya kwa msewu, mtima unkawoloka, thupi lokha n'kutsala. Botolo lako litabwera ndinasangalala kuposa iwo. Litadontha, tsiku lina masana anandiitananso kuti tabwerani. Ine ndinati dikirani, ndikupangirani chinthu chabwino kuposa mimba.

Ndinawauza Asajeni zimenezi ndikuyang'ana pansi. Sanandikalipire. Anangoti nakonso kumeneko ndi kondakishoni, kutentha kopatsirana pokhudzana, koma kokhako ndiye sakuletsa, chifukwa thupi la munthu silitentha kupitirira magazi ake. Mimba singawotche phazi, ngakhale mutakhala choncho mpaka mawa. Akuti chipangizo changachi ndichisunge, chidzathandiza m'miyezi yozizira, koma chimafuna makala, pamene chinacho chimangofuna munthu wokhala pansi. Atatero anapita.

Ndinakhala pabedi paja mpaka moto unazima kuseri. Ndaboola khoma ngati chiswe, ndadula diramu, ndanenepetsa mphaka, zonsezi kuthawa kukhala pansi.

Tsono ndayamba sukulu ina. Masana aliwonse ndimadzaza mabotolo awiri ndi madzi ozizira a mumtsuko, kukhala kumiyendo kwa bedi, n'kuwaika pamimba. Ndimakhala mpaka afunde. Usaseke. Kapena seka, ndiwe mwana wanga. Tsiku loyamba ndinangozindikira ndili pakhonde, mabotolo ali m'manja, osadziwa kuti ndadzuka liti. Dzulo wometa anaima pawindo, akuti kwabwera munthu wa makutu ngati zitseko za basi, ndibwere ndidzaone ndisanafe. Mwana wanga, ndinatuluka thukuta. Koma sindinapite.

Pempho langa ndi ili. Sindikunena kuti kumeneko sakusamalidwa. Ndikudziwa kuti kuli madokotala apafupi, nyumba ya siling'i, ndi iwe amene sunawotchepo munthu. Ukanena kuti bambo simungathe, mwina ukhala ukunena zoona. Maso anga nawo ayamba chifunga, ndipo Asajeni akuti mapaziwo ayenera kuyang'anidwa m'mawa uliwonse, pakati pa zala pomwe. Avomera kuti masiku ena azidzera kuno popita kuntchito, ndipo mkazi wa wometa wati masiku otsalawo ndi ake.

Koma usagamule wekha ndi mkamwini. Uwafunse eni mapazi. Uwafunse muli awiri, chitseko chotseka, chifukwa pamaso pa mkamwini adzangoti zonse zili bwino, amachita naye manyazi. Akanena kuti akhala konko, sutikesi ndi makina ndidzakweza basi yotsatira, ndipo sudzamva liwu lodandaula kuchokera kwa ine. Akanena kuti akufuna kwawo, ubwere nawo, udzalowetse chigongono chako m'kahemamo, udzandipanikize ndi mafunso onse amene uli nawo. Ndidzayankha osaseka. Ndidzayesetsa.

Ndipo yankho lisanabwere, pali chimene sichingadikire. Kumeneko masana nonse mumakhala kuntchito, ana kusukulu. Ndamva kuti mwawagulira masokosi aubweya, mwachita bwino, koma sokosi silibweretsa kutentha, limangosunga kumene kulipo, ndipo m'mapazi amenewo muli kochepa koti lisunge. Ukaweruka, usanayambe za kukhitchini, ukhale kumiyendo kwa bedi lawo, utenge mapaziwo uwaike pamimba pako. Udzakuwa, ndi ozizira zedi. Usadikire kuti akuitane. Ndiwe mwana, adzachita manyazi, ndiponso munthu amene anapempha mimba n'kupatsidwa chitini sapemphanso.

Undiperekere moni kwa mkamwini, umuuze kuti ndikuthokoza posunga apongozi ake, si amuna onse angatero. Zidzukulu uziuze kuti agogo awo akadali ndi mano okwanira kuluma aliyense wolephera mayeso. Kwa amayi ako usakanene kuti ndikulira, chifukwa sindikulira, ndi utsi wa makala. Ungowauza kuti mbali yawo ya bedi sindigonako.

Mulungu akusungeni nonse, ndipo iwe akupatse mtima wofewa kuposa umene ndikuyenera.

Ndine bambo ako,
Wokhoma zitini, amene akuphunzira kukhala pansi.